Etymonline: tsamba laulere lofufuzira gwero la mawu a Chingerezi, ubwino wake ndi pamene limasocheretsa

Pamagulu a WhatsApp sipasowa uthenga woulula "chinsinsi" cha liwu lina la Chingerezi. Wina amati "news" ndi zilembo zoyambirira za north, east, west ndi south. Wina amati "golf" ndi chidule cha chiganizo choletsa amayi kulowa m'bwalo la masewerowo. Anthu amatumizirana mpaka uthengawo ufike kwa aphunzitsi, aphunzitsi n'kukauza ana m'kalasi. Zonsezi ndi nkhambakamwa, ndipo malo achangu otsimikizira zimenezi ndi tsamba la pa intaneti la etymonline.com. Mukalembamo "news" mupeza kuti liwuli linalipo kale cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1300, ndipo linangokhala "new" wochulukitsidwa, kutanthauza zinthu zatsopano. "Golf" ndi liwu la ku Scotland la m'ma 1400. Mu 1457 nyumba ya malamulo ya kumeneko inaletsa masewerowa chifukwa anyamata ankanyalanyaza kuphunzira kuponya mivi.

Dzina lonse la tsambali ndi Online Etymology Dictionary. Analikhazikitsa mu 2001 ndi Douglas Harper wa ku Pennsylvania m'dziko la America, munthu amene anagwirapo ntchito ku nyuzipepala komanso analembapo za mbiri ya dera lakwawo. Ntchito ya tsambali ndi imodzi basi: kunena kumene liwu linachokera, nthawi imene linayamba kuoneka m'zolembedwa, ndi mmene tanthauzo lake lasinthira. Pa ntchito imeneyi, mwa masamba aulere, palibe lolifika. Kungoti limalembedwa mwachidule ngati kope la katswiri, ndipo amene sadziwa kawerengedwe kake amatulukamo ndi bodza latsopano m'malo mwa lakale lija.

Kulowa sikufuna kulembetsa dzina kapena kulipira. Pamwamba pali kabokosi kofufuzira. Mukalemba liwu, limabwera liwu lenilenilo koyamba, pansi pake n'kubwera mawu ena amene nkhani yawo imatchulako liwu lanulo. Palinso pulogalamu yake ya pa foni za Android ndi iPhone. Zolembedwazo n'zopepuka ndipo zimatseguka ngakhale netiweki ikhale yofooka, koma zotsatsa malonda ndi zimene zimadya bandulo, ndipo pafoni yaing'ono zimadula nkhani pakati moti mutha kuganiza kuti yatha. Pitirizani kutsika. Olipira umembala wa Premium zotsatsazi saziona, koma kwa munthu amene amafufuza mwa apo ndi apo ndalama imeneyo n'kuingotaya.

Polemba liwu m'kabokosi, chotsani zomatira kumapeto. Lembani "flabbergast" osati "flabbergasted", "bamboozle" osati "bamboozling". Kumbukiraninso kuti mwini tsambali ndi wa ku America, choncho nkhani yonse imakhala pa kalembedwe ka kumeneko. Ife tinaphunzira "colour" kusukulu, koma mukalemba choncho mupeza kamzere kongonena kuti aka ndi kalembedwe ka ku Britain, pitani pa "color". Zilembo za q.v. zikaoneka pambuyo pa liwu zimatanthauza zomwezo, kuti nkhani ili pa liwu limenelo, dinani pamenepo.

Tiyeni tione nkhani imodzi pafupi, ya liwu loti "nice". Poyamba pali chidule cha mtundu wa liwu: n. ndi dzina, v. ndi mneni, adj. ndi mfotokozi, adv. ndi muonjezi. Kenako pamabwera nthawi, apa ndi "late 13c.", ndipo motsatira pamabwera tanthauzo limene liwulo linali nalo pa nthawi imeneyo, osati la lero. Tanthauzo loyamba la "nice" linali wopusa, mbuli. Ndiye nkhani imayamba kubwerera m'mbuyo: Chingerezi chinalitenga ku Chifalansa chakale, Chifalansa chinalitenga ku liwu la Chilatini loti "nescius", losonyeza munthu wosadziwa kanthu. Chilankhulo chotchulidwa komalizira ndiye chakale kwambiri. Ndime yachiwiri imatembenuka n'kumabwera kutsogolo: wamantha, kenako wovuta kusangalatsa, kenako wosamala pa tinthu ting'onoting'ono, mpaka cha m'ma 1760 pamene linayamba kutanthauza chinthu chosangalatsa. Anthu ambiri amawerenga mzere woyamba wokha n'kuthamanga kukauza anzawo kuti ukamuuza munthu kuti ndi "nice" ndiye kuti wamutukwana. Ndime yachiwiriyo ndi imene ikanawaletsa.

Kachilembo ka c. kamasokoneza ngakhale ophunzira a ku yunivesite, chifukwa kamagwira ntchito ziwiri. Kakakhala patsogolo pa chaka, ngati "c. 1300", kakutanthauza kuti cha m'ma 1300 momwemo, chaka chenicheni sichidziwika. Kakakhala pambuyo pa nambala, ngati "14c.", kakuwerenga zaka mazanamazana, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya ndi zaka 100 zathunthu: "14c." ndi zaka za m'ma 1300, osati za m'ma 1400, monga momwe "20c." ilili zaka za m'ma 1900. Mawu oti early, mid ndi late amagawa zaka zanalo patatu. Mukaona Old English dziwani kuti akunena Chingerezi cha mpaka cha m'ma 1100, chimene ngakhale Mngerezi wa lero sangachiwerenge popanda kuchiphunzira. Middle English ndi cha kuyambira pamenepo kufika cha m'ma 1500, nthawi imene mawu a Chifalansa analowa ochuluka kutsatira kugonjetsedwa kwa England ndi a Norman mu 1066. N'chifukwa chake ng'ombe yamoyo ndi "cow" koma ikafika m'mbale ndi "beef", nkhumba ndi "pig" koma nyama yake ndi "pork": oweta ankalankhula Chingerezi, odya ankalankhula Chifalansa.

Chaka chimene chalembedwa si chaka chimene liwu linabadwa. Ndi chaka cha chikalata chakale kwambiri chimene chinapulumuka ndipo wina anachiwerenga n'kulipezamo liwulo. Tsambali limanena lokha zimenezi, ndipo limachenjeza kuti zaka za m'mbuyo mwa 1700 muzizitenga mongoyerekeza. Mawu a m'misewu, a m'mabala ndi a akuba ankalankhulidwa zaka zambiri asanalembedwe, chifukwa olemba mabuku ankawaona ngati onyansa. Zaka zimenezi zimasunthanso: nyuzipepala zakale zikamaikidwa pa kompyuta, liwu limene linkadziwika kuti ndi la 1890 limapezeka mu 1870. Choncho polemba nenani kuti liwu "linaoneka koyamba m'zolembedwa" chaka chakuti, osati "linapangidwa".

Msampha wina ndi wa mawu olembedwa mofanana koma ochokera kosiyana. Tsambali limawasiyanitsa ndi manambala, n.1 ndi n.2, ndipo pafoni mumaona woyamba yekha mukapanda kutsika. "Tattoo" woyamba ndi kulira kwa ng'oma kapena lipenga loitana asilikali kuti abwerere kumisasa usiku, ndipo anachokera ku Chidatchi, ku mawu olamula kuti mpopi wa mbiya ya mowa utsekedwe. "Tattoo" wa mphini za pakhungu ndi wina, wochokera ku zilumba za Polynesia, ndipo analowa m'Chingerezi kudzera m'zolemba za ulendo wa James Cook mu 1769. "School" wa ana asukulu anachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza nthawi yopuma, pomwe "school" wa gulu la nsomba ndi wa Chidatchi. "Bank" wa ndalama anachokera ku benchi la osintha ndalama a ku Italy, pomwe "bank" wa gombe la mtsinje anabwera ndi anthu a ku Scandinavia. Wowerenga nambala yolakwika amalumikiza zinthu zosagwirizana, n'kupeka yekha nkhani yoti zigwirizane.

Koma pagona nkhani penipeni ndi pa timawu tosonyeza kukayika. Harper akalemba "from" ndiye kuti umboni ulipo. Akalemba "probably" ndiye kuti akatswiri ambiri amatero. "Perhaps" ndi ganizo chabe. "Said to be" ndiye kuti anthu amangonena, iye sakuikapo mutu wake. "Of uncertain origin" kapena "of unknown origin" ndiye kuti palibe akudziwa. Chitsanzo chabwino ndi "salary". N'zoona kuti liwuli linachokera ku "salarium" wa Chilatini, ndipo n'zoonanso kuti muli "sal", mchere. Koma nkhani yotchuka ija yoti asilikali a Chiroma ankalipidwa mchere ilibe umboni m'zolemba za Aroma eniake. Ndi maganizo a olemba madikishonale amene anadza patapita zaka mazana ambiri, poyesa kulumikiza mchere ndi malipiro. Tsambali limaitchula nkhaniyi ndi "said to be" patsogolo, zomwe n'zolondola, koma timawu titatuti sitionekera, tili m'kati mwa chiganizo chachitali. Apa ndi pamene tsambali likanachita bwino: likanamasiyanitsa zotsimikizika ndi zongoganizira mwa kalembedwe kooneka ndi maso. Mmene zililimu, wokopera amasiya "said to be" n'kutenga zotsalazo ngati zoona.

Kanyenyezi kakakhala patsogolo pa liwu, ngati *ne-, kakusonyeza kuti liwulo silinapezekepo litalembedwa paliponse. Akatswiri analimanga poyerekeza zilankhulo zapachibale. Nthawi zambiri limatsagana ndi zilembo za PIE, chidule cha dzina la chilankhulo chimene amakhulupirira kuti chinabala Chingerezi, Chilatini, Chigiriki, Chihindi ndi zina zambiri, ndipo chinkalankhulidwa zaka zoposa 5,000 zapitazo. Akatswiri a zilankhulo za Chibantu amachitanso chimodzimodzi: akaika pamodzi munthu wa Chichewa, umuntu wa Chizulu ndi mtu wa Chiswahili amaona tsinde limodzi lakale, n'kulilemba ndi kanyenyezi. Ntchito imeneyi ili ndi malamulo ake ndipo si yongolota, koma m'kalasi musanene kuti anthu akale "ankati" chakuti; nenani kuti akatswiri amaganiza kuti ankatero.

Musasokonezenso "from" ndi "cognate with" kapena "source also of". "Father" sanachokere ku "pater" wa Chilatini. Awiriwa, pamodzi ndi "Vater" wa Chijeremani, ndi ana a bere limodzi, palibe anabala mnzake. Komanso kufanana kwa kamvekedwe si umboni: "much" wa Chingerezi ndi "mucho" wa Chisipanishi amamveka mofanana, amatanthauza zofanana, koma anachokera kosiyana kotheratu.

Mukadziwa zimenezi, tsambali limakoma, makamaka pa mawu odabwitsa amene timangowagwiritsa ntchito osawaganizira. Tengani "OK". Anaoneka koyamba m'nyuzipepala ya Boston Morning Post pa 23 Malichi 1839. Pa nthawiyo atolankhani a ku Boston ndi New York anali ndi kachizolowezi kolemba mawu molakwitsa dala n'kuwafupikitsa kuti aseketse owerenga, ndipo "all correct" anamulemba "oll korrect", n'kutsala O.K. Zidule zinzake za mtundu umenewu zinafa zonse. Ichi chinapulumuka chifukwa cha chisankho cha 1840, pamene otsatira pulezidenti Martin Van Buren, wobadwira ku Kinderhook m'chigawo cha New York ndipo ankamutcha Old Kinderhook, anayambitsa magulu otchedwa O.K. Club. Van Buren analuza chisankhocho koma zilembozo zinakhazikika. Amene anafukula zonsezi ndi Allen Walker Read wa ku Columbia University, m'zaka za m'ma 1960, powerenga nyuzipepala zakale imodziimodzi. Nkhani zina zimene mumamva, monga yoti asilikali ankalemba "0 killed" akabwera kunkhondo osataya munthu, zilibe chikalata choziikira kumbuyo.

Lamulo lothandiza pa nkhani za zidule ndi ili: kupanga liwu lotchulika kuchokera ku zilembo zoyambirira kunafala m'zaka za m'ma 1900, makamaka pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. "Radar", "scuba" ndi "laser" ndi zidule zenizeni, zonse za pakati pa 1940 ndi 1960. Liwu likakhala lakale kuposa apo, wina n'kumati ndi chidule, kayikirani. "Posh" sanachokere pa chidule cholembedwa pa matikiti a sitima zapamadzi zopita ku India monga ena amanenera, ndipo "tip" wa woperekera zakudya sanachokere pa kabokosi kolembedwa zofulumizitsa antchito. Anayamba ngati liwu la akuba a ku England lotanthauza kupatsira munthu kanthu m'manja. Ngakhale "OK" amene, taonani kuti timatchula zilembo zake chimodzichimodzi, sitinapange liwu latsopano.

Gulu lina losangalatsa ndi la mawu amene anaduka polakwika. Chingerezi chili ndi timawu ta "a" ndi "an", ndipo anthu osadziwa kulemba ankangomva phokoso, osadziwa pamene liwu likuyambira. "A napron" anasanduka "an apron", pomwe m'bale wake "napkin" anasunga n wake. Njoka ija ya "adder" inali "nadder". "Umpire" wa masewero anali "noumpere", kutanthauza munthu wosakhala mbali iliyonse mwa ziwirizo. Zinachitikanso mobwerera: "an ekename", dzina lowonjezera, anasanduka "a nickname". Ndiye pali mawu achilendo amene anthu anawapinda kuti amveke ngati akwawo, zomwe tsambali limazitcha "folk etymology". "Cockroach" alibe tambala m'kati, ndi "cucaracha" wa Chisipanishi. "Hamburger" alibe "ham", ndi dzina la mzinda wa Hamburg, koma anthu atalidula molakwika anapeza "burger" amene lero amamumata pa chilichonse. "Orange" anayenda kuchokera ku India kudzera ku Persia ndi kwa Aluya ali ndi n kumayambiriro. Chisipanishi chinamusunga mu "naranja", Chipwitikizi chinamusintha kukhala "laranja", komwe ife tinatenga lalanje. Tanthauzo la mtundu wooneka ngati lalanje linabwera pambuyo pa la chipatso, m'zaka za m'ma 1500.

Pa mawu ochokera ku maina a anthu tsambali limapereka mizere yochepa, yokwanira kutsimikiza koma yosakwanira kufotokozera kalasi. Pa "boycott" likuuzani za Charles Boycott ndi chaka cha 1880, koma nkhani yonse muyenera kukaifuna kwina. Iyeyu ankayang'anira minda ya Lord Erne ku County Mayo m'dziko la Ireland. Zokolola zitavuta, alimi obwereka minda anapempha kuti lendi itsike, iye n'kuyamba kuwathamangitsa. Anthu a m'deralo, molimbikitsidwa ndi bungwe la Land League, sanamumenye ayi: antchito anachoka, masitolo anakana kumugulitsa katundu, makalata anasiya kumufikira. Mbewu zake zinakololedwa ndi anthu pafupifupi 50 ochokera kumpoto, akulonderedwa ndi asilikali ndi apolisi pafupifupi 1,000, ndipo ulondawo unadya ndalama zoposa mtengo wa zokololazo. Chaka chisanathe dzina lake linali litasanduka mneni m'nyuzipepala. Banja la Maverick la ku Texas ndiye linapereka mawu awiri. Samuel Maverick sankadinda chizindikiro ng'ombe zake, choncho ng'ombe yopanda chidindo, kenako munthu wosatsatira gulu, anatchedwa "maverick". Mdzukulu wake Maury Maverick, atatopa ndi Chingerezi chozungulira cha m'maofesi a boma, analemba kalata mu 1944 yochiletsa ndipo anachitcha "gobbledygook", potsanzira kulira kwa nkhukundembo. "Serendipity", mwayi wopeza chinthu chabwino pamene umafuna china, anapangidwa ndi Horace Walpole m'kalata ya mu 1754, kuchokera ku Serendip, dzina lakale la Sri Lanka.

Chimene chimapatsa tsambali ulemu n'chakuti likafika posadziwika limanena kuti sizidziwika. "Bamboozle" anaoneka cha mu 1703, "flabbergast" mu 1772, "shenanigan" ku California mu 1855, ndipo onsewa gwero lawo palibe analipeza, ngakhale maganizo alipo ambiri. Liwu wamba ngati "dog" nalonso silidziwika kumene linachokera. Pa "quiz" pali nkhani yokoma ya mkulu wa nyumba ya zisudzo ku Dublin amene anabetcha kuti apanga liwu latsopano usiku umodzi polilembetsa pamakoma a mzinda wonse mu 1791. Vuto n'lakuti liwulo linalipo kale m'zaka za m'ma 1780, likutanthauza munthu wachilendo m'zochita, ndipo nkhani ya kubetchayo inayamba kusindikizidwa patapita zaka zoposa 40.

Tsopano kufooka kwake kwakukulu. Etymonline nthawi zambiri sikuuzani mmene liwu likugwirira ntchito lero: ngati ndi la muofesi kapena la pocheza, ngati ndi la ku Britain kapena ku America, ngati latha fasho, kapena mawu amene limayenda nawo. Silinapangidwirenso kuphunzitsa katchulidwe. Wophunzira amene akufuna kukometsera chimangirizo cha MSCE, kapena wolemba kalata yofunsira ntchito, akatola liwu pano n'kuliponya m'chiganizo amadzipweteka yekha. "Kerfuffle", wochokera ku Scotland, ndi kachipwirikiti kakang'ono koseketsa, monga kukanganirana mipando pamsonkhano; kulemba choncho za zipolowe zimene anthu anafa ndi chipongwe. "Flabbergasted" ndi kudabwa mpaka kukamwa yasa, ndipo amakhala bwino pocheza, osati m'kalata ya chipepeso. "Shenanigans" pafupifupi nthawi zonse amakhala ndi s kumapeto, ndipo amapeputsa mlandu: mtolankhani akalemba choncho za kuba ndalama za boma ndiye kuti wasandutsa umbava kukhala masewera a ana. "Bamboozle" amayenda ndi "into" pamene wina wapusitsidwa kuti achite chinthu, monga kusaina pepala. "Nincompoop" amamveka woseketsa komanso wachikale, koma ndi kutukwana ndithu. Zonsezi simuzipeza pa tsambali.

Kwa amene ali ku Britain, "pants" ndi chitsanzo chabwino. Tsambali likuuzani mbiri yokoma, yoti liwuli ndi chidule cha "pantaloons", ochokera kwa Pantalone, nkhalamba ya m'zisudzo za ku Italy yovala buluku lothina. Koma chimene mukufunika kudziwa muli ku Leeds kapena ku Glasgow n'chakuti kumeneko "pants" ndi kabudula wam'kati, pomwe ku America ndi buluku. Choncho mukamaliza kuwerenga mbiri ya liwu, tsegulani Cambridge Dictionary kapena Oxford Learner's Dictionaries, onse aulere pa intaneti, muone chizindikiro cha formal, informal, old-fashioned kapena offensive, mumvere katchulidwe, muwerenge ziganizo zachitsanzo zosachepera zitatu. Merriam-Webster ndi wabwino pa Chingerezi cha ku America ndipo amaperekanso chaka choyamba cha liwu, chimene mungayerekeze ndi cha Harper.

Palinso matenda amene tsambali limapatsa owerenga ake akhama: kuganiza kuti tanthauzo lakale ndiye lolondola. "Decimate" anachokera ku chilango cha asilikali a Chiroma, chopha mmodzi mwa khumi aliwonse pagulu logalukira. Munthu akangodziwa zimenezi amayamba kudzudzula aliyense wolemba kuti chilala chachita "decimate" ziweto, n'kumati ziyenera kukhala imodzi pa khumi. Komatu tanthauzo la kuwononga zambiri lakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1600. Tikanati tizitsata zakale, "silly" akanakhala wodalitsika ndipo "muscle" akanakhala kambewa.

Pa Chingerezi cha kuno kum'mwera kwa Africa tsambali n'losauka, chifukwa mabuku amene linamangidwirapo ndi a ku Britain ndi ku America. Pa "robot" mupeza bwinobwino za sewero la Karel Čapek la mu 1920 ndi liwu la Chitcheki la "robota", ntchito ya thangata. Koma za maloboti a pamsewu pitani pa Dictionary of South African English, dsae.co.za, yaulerenso, yosungidwa ku Makhanda mogwirizana ndi Rhodes University, imene imapereka ziganizo zenizeni za m'nyuzipepala ndi m'mabuku pamodzi ndi zaka zake. Magetsi a pamphambano atayamba kulowa m'malo mwa wapolisi woimika dzanja cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, anthu ankawatcha "robot policeman". Ku Britain dzinali linazilala, kuno linatsala. Komweko ndi kumene mungamvetse chifukwa chake munthu wa ku Johannesburg akati abwera "just now" musamudikire pakhomo.

Lamulo la zidule lija limagwiranso pa liwu loti boma. Ambiri tinauzidwa kuti ndi British Overseas Military Administration. Liwuli ndi la Chiswahili, lotanthauza mpanda kapena linga, ndipo azungu oyenda kum'mawa kwa Africa anali atalilemba kale m'mabuku awo Britain asanakhazikitse ulamuliro wake kuno mu 1891. Ofesi ya mtsamunda inkakhala m'kati mwa linga, ndiye dzina la linga linapita ku ofesi, la ofesi n'kupita ku ulamuliro wonse.

Kodi tsamba la Etymonline mungalitchule m'pepala la ku koleji? Harper si wofukula yekha mawu ambiriwa. Amasonkhanitsa ndi kuyerekeza zimene zili m'madikishonale akuluakulu, monga Oxford English Dictionary ndi mabuku a Ernest Weekley, Ernest Klein ndi Robert Barnhart, ndipo pamene akusiyana nthawi zambiri amatchula dzina la amene wanena. Ena mwa mabukuwa ndi akale, choncho apo ndi apo mupeza ganizo limene akatswiri a lero analisiya. Pa nkhani ya m'kalasi, ya pawailesi kapena ya m'nyuzipepala, tsambali n'lokwanira. Pa kafukufuku wa digiri, ligwiritseni ntchito ngati polowera, kenako tsimikizani ndi Oxford English Dictionary. Imeneyo ndi yolipira, ngakhale chaka choyamba cha liwu imaonetsa kwaulere. Amene muli ku Britain, khadi la laibulale ya m'dera lanu nthawi zambiri limakutsegulirani yonse muli kunyumba, ndipo ophunzira a ku yunivesite afunse ku laibulale yawo ngati inalembetsa.

Chingerezi cha tsambali n'cholemera. Mwana wa Fomu 1 sangachimve yekha, ndipo la Chichewa palibe. Mphunzitsi amene akufuna kuligwiritsa ntchito awerenge yekha kaye, asankhe mawu asanu kapena asanu ndi limodzi a mbiri yotsimikizika ngati "goodbye", amene ndi "God be with ye" wofupikitsidwa, kapena "quarantine", wochokera ku masiku 40 amene sitima zinkaimitsidwa padoko la Venice poopa mliri, kenako afotokoze m'mawu ake. Dziwaninso kuti mawu otukwana ndi a zakuchipinda alimo onse, ofotokozedwa mosabisa, choncho si tsamba longosiyira ana a pulayimale.

Pansi pa mawu ambiri pali kachithunzi ka mzere wokwera ndi kutsika, kosonyeza mmene liwu lakhala likuchulukira m'zaka zapitazi. Kamachokera ku mabuku amene Google inajambula, choncho kamawerenga za m'mabuku zokha, osati zolankhula, ndipo mawu a pocheza ngati "kerfuffle" amaoneka osowa kuposa mmene alili pakamwa pa anthu. Makina owerenga masamba akale amaphonyanso zilembo ndi zaka za mabuku ena. Komanso kachithunzika sikasiyanitsa n.1 ndi n.2: mzere wa "bank" ukuphatikiza ndalama ndi magombe a mitsinje, choncho musautengere m'pepala lanu ngati umboni wa kukula kwa mabanki.